Osula aphunzitsi abwerere ku Sitandade 1

M'maphunziro a dziko lino munthu amakwera akamatalikirana ndi mwana wamng'ono. Mphunzitsi amene ahedi amamudalira amapatsidwa Sitandade 8, kalasi ya mayeso, pamene Sitandade 1 ndi 2 zimagwera amene wangofika kumene, amene akudwaladwala, kapena wophunzira wa ku TTC amene wabwera kudzayeserera ntchito. Wa Sitandade 8 uja akalimbikira amabwereza MSCE kuti akonze mapointi, n'kupita ku Domasi kapena ku Nalikule kukatenga dipuloma, ndipo pochokera kumeneko ku pulayimale sapondakonso, wakhala wa sekondale. Akapeza digiri maso amaloza ku TTC kuti akakhale lekichara. Akapita kunja n'kubwerako ndi masitazi kapena PhD, malo ake ndi ku yunivesite, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kumene azikaphunzitsa za kaphunzitsidwe ka ana amene anasiya kuwaona zaka 20 zapitazo. Pamwamba penipeni pa makwerero amenewa pamakhala munthu amene choko anachisiya kalekale, amene ntchito yake ndi kuitanidwa ku misonkhano ya m'mahotela a kunyanja kukafotokoza mavuto a sukulu za kumudzi.

Wokwerayo sindikumunyoza. Ali ndi ana ofuna fizi, ali ndi abale kumudzi amene maso awo ali pa iye, ndipo malipiro a mphunzitsi wa pulayimale safika pakati pa mwezi asanagogode kwa a katapila. Wathawa umphawi monga aliyense angathawire. Chimene ndikulimbana nacho ndi dongosolo limene tinakonza tokha, loti nzeru zonse za kaphunzitsidwe zizipita kutali ndi kumene zikufunika, popanda njira yoti zibwererenso. Ndikulimbananso ndi anzathu ophunzira kwambiri a m'nthambi za maphunziro m'mayunivesite athu, amene chaka ndi chaka amalemba za kusiyana kwa mwayi pakati pa ana, koma amalola kuti iwo eni aziyesedwa ndi muyeso umene sukhudzana n'komwe ndi mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. A Pulofesa, ngati ntchito ya moyo wanu ndi kusula aphunzitsi, umboni wa ntchito yanuyo uli m'kalasi ya mphunzitsi amene anadutsa m'manja mwanu. Zimene munasindikiza m'magazini a akatswiri ku London kapena ku Cape Town zimabwera pambuyo.

Tataya zaka zambiri tikukangana za chilungamo pa khomo la yunivesite. Kota, njira yosankhira ophunzira potengera boma limene amachokera, inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, bwalo lalikulu la milandu linaikana mu 1993, boma la Bingu wa Mutharika linaibwezeretsa mu 2009, ndipo inathetsedwanso mu 2020. Pa nkhani imeneyi anthu anadana, Sinodi ya Livingstonia inalankhula poyera, andale anakololapo mavoti mbali zonse ziwiri. Mu 1989 tinafika mpaka pothamangitsa aphunzitsi ochokera kumpoto m'sukulu za m'chigawo chapakati ndi chakummwera, ati aliyense akaphunzitse kwawo, pa mlandu wopanda umboni woti ankaphunzitsa ana a eni dera mwachinyengo. Sukulu zambiri zinatsala zopanda aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndipo amene anavutika ndi ana omwewo amene ankati akuwateteza. Koma nkhondo yonseyi inali yolimbirana malo ochepa kwambiri. Mwana amene wamaliza Folomu 4 n'kumadikira kuti amve dzina lake pa mndandanda wa osankhidwa ndi wopulumuka kale. Anzake amene analowa nawo Sitandade 1 ambiri anatsalira m'njira. Ena anabwereza Sitandade 2 kawiri n'kugwa ulesi, ena anafika Sitandade 5 asakutha kuwerenga chiganizo, ena anakwatiwa, ena ali pa ganyu m'minda ya fodya kapena akukoka nawo makoka kunyanja. Kota sinawaone ana amenewa, ndipo kuthetsedwa kwa kota sikunawaonenso. Mlandu wawo unagamulidwa ali ndi zaka 7, m'kalasi ya ana oposa 100, pamaso pa mphunzitsi mmodzi amene palibe anamuphunzitsa chochita ndi khamu lotero.

Mbiri yake tonse tikuidziwa. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo linachita bwino. Ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero chawo chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ochuluka mwa iwo asanaphunzirepo ntchitoyi, ambirinso a JCE yokha. Anawalangiza masabata ochepa n'kuwapatsa choko. Kuyambira mu 1997 pulogalamu ya MIITEP inayamba kuwasula mothamanga: miyezi 3 ku koleji, miyezi 20 ali pa sukulu akuphunzitsa kwinaku akuwerenga mabuku awo, kenako mwezi umodzi wobwereza ndi kulemba mayeso. Malamulo ake ankati pa miyezi 20 ija alekichara a ku koleji, a PEA ndi ahedi aziwayendera ndi kuwawongolera. A Demis Kunje a ku CERT, nthambi ya kafukufuku wa zamaphunziro ku Chancellor College, pamodzi ndi Keith Lewin ndi Janet Stuart a ku University of Sussex, anailondola pulogalamuyi ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2003. Kuyendera kuja kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene kunakonzedwera, ndipo ku koleji ophunzira ankauzidwa kuti ana azitenga mbali, azifunsa, azikambirana, pamene iwo eni ankaphunzitsidwa pongowalankhula ndi kuwakopetsa manotsi. Zaka zoposa 20 zadutsa chilembereni zimenezi. Akanakhala kuti ofufuza aja alowa lero m'makoleji athu, kodi akanachotsa mizere ingati pa lipoti lawo?

Mu 2005 kunabwera IPTE, chaka chimodzi ku koleji ndi chaka china pa sukulu, ndipo pambuyo pake inakonzedwanso kuti wophunzira akamaliza kuyeserera azibwerera ku koleji. Makoleji achuluka. Pa Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre ndi St Joseph's ya ku Bembeke panawonjezeka Machinga, Phalombe ndi Chiradzulu, kenako Rumphi, Mchinji ndi Chikwawa, osawerengera a DAPP ku Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba. Kumanga tamanga ndithu, ndipo pamenepa ndikuwomba m'manja. Koma mufunseni wophunzira wa IPTE za tsiku lake loyamba pa sukulu. Ku koleji anaphunzira kulemba sikimu ndi lesoni pulani, anaphunzira kugawa ana m'magulu, anaphunzira kupanga zipangizo za TALULAR ndi zitsekerero za mabotolo, makatoni ndi timitengo. Kenako walowa m'chipinda mmene ana akhala pansi mothithikana, popanda poponda kuti akafike kwa wakumbuyo, buku limodzi akulimbirana ana angapo, ena ndi a zaka 6 ena a zaka 12, ambiri m'mimba mulibe kanthu. Muyeso wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma iye akuona kawiri kake. Magulu aja awagawira pati? Pakutha sabata wabwerera ku njira imene anaphunzitsidwira iye ali mwana, yoyimbitsa kalasi yonse mawu a pa bolodi. Mwana amene akungotsatira phokoso la anzake osazindikira chilembo ngakhale chimodzi sadziwika mpaka chaka chithe.

Pano m'pamene mtima wanga umawawa kwambiri, chifukwa kuphunzitsa kalasi yaikulu ndi luso, ndipo alipo m'dziko muno amene lusoli analigwira. Pafupifupi m'zoni iliyonse muli mayi amene wakhala pa Sitandade 1 zaka zambirimbiri, ndipo ana ake amatuluka akuwerenga. A PEA amamudziwa, makolo amamudziwa, amachita kupempha ahedi kuti mwana wawo akalowe kwa iyeyo. Amadziwa kukhazika ana kuti wamng'ono asabisike kumbuyo kwa wamkulu, amadziwa kugwiritsa ntchito mwana wochangamuka kuti akoke anzake atatu, amadziwa nyimbo yokhazika chete khamu lonse popanda kugwira ndodo, amazindikira msanga mwana amene sakumva bwino khutu limodzi. Mayi ameneyu saitanidwa ku TTC kuti akaphunzitse, chifukwa alibe digiri. Palibe wakhala m'kalasi mwake teremu yathunthu n'kulemba zimene amachita. Akadzapuma pa ntchito adzavutika ndi mafomu a penshoni ku Lilongwe, ndipo luso lake lonse lidzapita naye kumudzi. Wophunzira wa masitazi amene akusowa mutu wa kafukufuku amalangizidwa kuti agawe mapepala a mafunso kwa aphunzitsi 50 ofunsa maganizo awo pa ndondomeko ina yochokera kunja, pamene chuma chenicheni cha ntchitoyi chili pa mtunda woyenda pa njinga kuchokera pa geti la koleji.

Tanenani za chilankhulo. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Mabuku a Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe, Chitonga kapena Kyangonde okwanira ntchitoyi sanafike m'sukulu, ndipo makoleji sanasule aphunzitsi ake. Kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 nduna inalengeza kuti zimenezi ziyambira Sitandade 1. Akatswiri athu a zilankhulo anachenjeza. Malemu Pulofesa Gregory Kamwendo, amene anayamba ntchito yake kuno asanapite ku Botswana ndi ku South Africa kumene anatsogolera sukulu ya zamaphunziro ku University of KwaZulu-Natal, analemba poyera kuti ndondomekoyi inalibe maziko olimba. Ananena zoona. Koma ngakhale akuluakulu akangane chotani, m'kalasi muli mphunzitsi wa ku Dedza amene watumizidwa ku Namwera, kumene mwana wa zaka 6 amalota m'Chiyao, buku lake lili m'Chichewa, ndipo mayeso amene adzagamule tsogolo lake ali m'Chingerezi. Mphunzitsiyu amachita zimene angathe, amasakaniza zilankhulo, amapempha mwana wina kuti amasulire, kwinaku akuopa kuti oyendera sukulu akamupeza amulemba kuti walakwitsa. Kusakaniza kumeneku ndiye kaphunzitsidwe kenikeni ka m'sukulu zathu zambiri. Nanga bwanji sitikuphunzitsa mwadongosolo ku TTC, kuti achite bwino chimene akuchita kale mobisa? Mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa, amene kwawo amamva Chingerezi pa TV ndi pa tebulo, ndondomekoyi simupweteka. Imapweteka wa ku Namwera, ndipo ameneyu alibe womulankhulira pa msonkhano wokonza silabasi.

Chimodzimodzi ana olumala. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu yasula kwa zaka zambiri aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, ndipo sukulu ngati Chilanga ku Kasungu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba zagwira ntchito yaikulu. Koma tsopano boma likuti ana onse aziphunzira limodzi. Maganizowo ndi abwino, koma akutanthauza kuti mwana wachialubino amene saona bwino pa bolodi, mwana wa khunyu, mwana wosalankhula, onse ali m'kalasi ya mphunzitsi wamba uja, amene za iwo anangomva m'maphunziro ochepa ku koleji. Kulowetsa mwana m'chipinda n'kumusiya pakona chaka chonse sikumuphunzitsa, ndipo makolo ake akamusiyitsa sukulu tisamawanene kuti ndi osazindikira.

Wina anena kuti ndikuwasenzetsa ophunzira katundu wa andale, kuti pulofesa sagawa aphunzitsi, samanga makalasi, salemba bajeti. N'zoona. Ndi boma limene limasiya omaliza IPTE akhale pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito, ena akugulitsa mayunitsi ena akupalasa kabaza, pamene makalasi akusefukira, kenako n'kuwatenga ngati ogwirizira pa malipiro ochepa. Tchimo limeneli ndi la ku Capital Hill. Koma taonani zimene kafukufuku wolunjika amatha kuchita. Mu 2017 a Joseph Chimombo, amenenso anachokera ku CERT, ndi anzawo a ku World Bank anatulutsa kafukufuku wa kagawidwe ka aphunzitsi. Anasonyeza kuti m'boma limodzi lomwelo sukulu ya pafupi ndi msika, msewu ndi magetsi imakhala ndi aphunzitsi ambiri pamene ya kutali ikusowa, kuti aphunzitsi amadzera kwa achibale a maudindo ndi kwa andale pokana kutumizidwa kutali, ndiponso kuti alawansi ya kumudzi inamwazika kwa anthu ambiri kotero kuti sinkakopanso munthu kupita kumene kuli kovutadi. Zimenezi aphunzitsi ankazidziwa kale, ankazikamba pa TDC tsiku lililonse. Koma zitalembedwa ndi manambala, sukulu ndi sukulu, bwana wa zamaphunziro pa boma akhoza kupeza poimira pokana foni ya phungu. Kafukufuku wotere ndi amene ndikupempha. Kafukufuku wotereyu amavumbulanso nkhani ya atsikana, pakuti aphunzitsi aakazi achulukana m'matauni ndi pa maboma, pamene kuli sukulu za kumudzi kumene mtsikana amatha msinkhu popanda mphunzitsi wamkazi ndi mmodzi yemwe woti amuuze vuto lake. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu ilipo kuyambira 1993, koma amene amaisandutsa zenizeni kapena kuipha ndi mphunzitsi amene amulandire tsiku limene wabwererako.

Ku sekondale kusiyanaku kumachita kuoneka ndi maso. Mayeso a Sitandade 8 akatuluka, ochepa amapita ku sukulu za dziko lonse monga Dedza, Blantyre Secondary, Mzuzu Government kapena Lilongwe Girls, ena ku zogonera za m'maboma, ndipo unyinji umapita ku ma CDSS. Sukulu zimenezi zinabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene ma DEC a MCDE anasinthidwa dzina, ndipo zambiri zinatengera umphawi wonse wa ma DEC aja. Kwa zaka zambiri ophunzitsa ake ochuluka anali a pulayimale ongokwezedwa popanda maphunziro owonjezera, ndipo mpaka lero kuli ma CDSS kumene mwana amalemba mayeso a sayansi asanagwirepo chipangizo cha mu labu. Ana onsewa amalemba MSCE imodzi ya MANEB, ndiye timati apikisana mwachilungamo. Dziko lino lili ndi chizolowezi chakale chokometsera ochepa. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ndi Chilatini ndi Chigiriki chake, aphunzitsi ake anachokera kunja, ndipo uthenga umene mphunzitsi wa Chimalawi anaumva unali woti iye ndi woyenera ana wamba okha. Tsopano Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti sekondale za boma zikhale zaulere kuyambira Januwale 2026. Ndikufuna mwana aliyense afike Folomu 4. Koma amene anaona 1994 ayenera kufunsa mokweza kuti aphunzitsi ake achokera kuti, chifukwa yankho lachidule lidzakhala lomwe lija: kukatenga a dipuloma ndi aluso a ku pulayimale kuti akatseke mipata ku CDSS, Sitandade 1 n'kutsalanso ndi amene watsala. Funso limeneli liyenera kuchokera ku nthambi za maphunziro za ku UNIMA ndi ku Mzuni, ndi manambala m'manja, nthawi isanathe.

Chifukwa chimene mawu otere amasowera si ulesi. Lekichara wa zamaphunziro ali ndi makalasi a ophunzira mazanamazana, mapepala oti achonge ndi mulu, ndalama za kafukufuku za m'dziko muno n'zochepa, ndipo galimoto yoyendera ophunzira ake amene ali pa ntchito yoyeserera imayembekezera mafuta. Akafuna kukwezedwa, chimene chimalemera kwambiri pa fomu ndi kuchuluka kwa zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Magazini amenewo amalembedwa m'Chingerezi chovuta, ambiri amagulidwa ndi madola, ndipo ahedi a ku Mphompha kapena ku Chapananga sadzawaona moyo wawo wonse. Akafuna ndalama, zili kwa mabungwe akunja, amene amabwera ndi mafunso awoawo, nthawi yawo ndi mawu awo okondedwa a chaka chimenecho. Motero munthu wanzeru, amene anayamba ntchitoyi chifukwa chokonda ana, amapezeka kuti moyo wake wonse wayankha mafunso a anthu ena. Aphunzitsi amene anawafunsa mafunso, amene anamupatsa mpando ndi kumuphikira nsima, samva n'komwe kuti anapeza chiyani. Ichi ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo chikhoza kutha mawa: wofufuza aliyense abwerere pa TDC ya zoni imene anafufuzamo, aime pamaso pa aphunzitsi aja, afotokoze m'chilankhulo chawo zimene anapeza, ndipo amve akamutsutsa.

Ndipo tisanamizane kuti alekichara athu alibe mphamvu. Mu 2011, mkulu wa apolisi ataitana Dr. Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, alekichara a ku Chancellor College motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila anaima nji miyezi yambiri, ena anachotsedwa ntchito, mpaka boma linagonja. Anamenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha, ndipo dziko liyenera kuwathokoza. Ufulu umenewo ulipo tsopano. Ndikulakalaka nditaona kulimba mtima komweko pa nkhani ya mwana amene wakhala m'sukulu zaka 4 osadziwa kulemba dzina lake.

Pa Domasi pomwepo, pamene lero pali koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education, mu 1929 panatsegulidwa sukulu ya Jeanes. Maganizo ake anachokera kummwera kwa America, kumene thumba la ndalama la Anna Jeanes linkalipira aphunzitsi oyendera sukulu za kumidzi za anthu akuda, ndipo anafika kuno kudzera mwa nthumwi za Phelps-Stokes za mu 1924. Aphunzitsi odziwa kale ntchito ankabwera ndi akazi awo, n'kuphunzira, kenako n'kubwerera kukayendera ndi kuthandiza sukulu za m'midzi. Cholinga cha atsamunda chinali choti munthu wakuda aphunzire zomuyenera kumudzi, asalakelake zambiri, ndipo chimenecho sindichisirira ngakhale pang'ono. Koma chinthu chimodzi anachiona: mphunzitsi waluso ankawonjezeredwa maphunziro n'cholinga choti abwerere kumene anachokera. Ife a dziko lodzilamulira timamuwonjezera maphunziro kuti achokeko.

Ndiye tisinthe zimene timalipira ndi zimene timalemekeza. Mphunzitsi wa Sitandade 1 akhale ndi njira yopezera dipuloma ndi digiri ya kaphunzitsidwe ka ana aang'ono, ndipo akaipeza giredi yake ndi malipiro ake zikwere ali m'kalasi momwemo, afike polandira mofanana ndi mnzake wa sekondale popanda kusiya ana ake. Pokhapokha zimenezi zitachitika, digiri iliyonse ya zamaphunziro a pulayimale idzapitiriza kukhala chiphaso chotulukira ku pulayimale. Amayi aluso aja alembedwe ntchito yophunzitsa nawo ku TTC, teremu imodzi pa chaka, pa malipiro oyenera, ndipo ophunzira oyeserera azitumizidwa kwa iwo, osati kukatseka mpata pa sukulu imene palibe wowaonetsa njira. Lekichara wa ku TTC amene amaphunzitsa kaphunzitsidwe ka kuwerenga kapena masamu oyambirira azigwira kalasi yeniyeni nthawi ndi nthawi, osati pa sukulu yachitsanzo ya pafupi ndi koleji yokha, koma pa sukulu ya kumudzi ya ana oposa 100, ophunzira ake akuonerera. Dotolo amene amaphunzitsa madotolo anzake ku KUHeS amalowa m'mawodi a pa chipatala cha Queens, ndipo palibe amaona ngati wanyozeka. Chimene chikuletsa wosula aphunzitsi kuchita chimodzimodzi ndi maganizo athu oti kalasi ya ana aang'ono ndi malo a munthu amene sanapite patali.

Zina mwa izi zikufuna ndalama za boma, ndipo bungwe la aphunzitsi la TUM liyenera kuziika pa tebulo limodzi ndi nkhani za malipiro ndi kukwezedwa, chifukwa ndi nkhani imodzi. Koma chimodzi chili m'manja mwa mayunivesite okha. Malamulo okwezera alekichara amalembedwa ndi seneti ndi khonsolo ya yunivesite, ndipo m'menemo mumakhala maprofesa omwewa. Alembemo kuti m'nthambi ya zamaphunziro munthu safika pa upulofesa popanda kusonyeza sukulu za boma zimene wagwira nazo ntchito kwa zaka, buku kapena malangizo amene aphunzitsi akuwagwiritsa ntchito m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndi umboni woti ana a m'sukulu zimenezo akuwerenga ndi kuwerengera kuposa kale. Teremu yophunzitsa Sitandade 2 ku Chikwawa ndi kulemba moona zimene zachitika iwerengedwe mofanana ndi nkhani yosindikizidwa kunja. Kusintha kumeneku sikudikira wopereka thandizo kapena lamulo la Nyumba ya Malamulo. Kukufunika mkulu wa nthambi ya zamaphunziro mmodzi, ku Zomba kapena ku Mzuzu, amene angaike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za seneti chaka chino, ndi anzake okwanira omuvomereza.